Magazi a Mlongo Wanga

Kwathu, kumudzi wina kuseri kwa Mkaika, nyengo yachisanu inali yokondweretsa kwa anthu onse kupatula ife. Chimanga chili m'nkhokwe, mtedza wayanikidwa, maukwati ndi zinamwali zayamba. Koma pakhomo pathu mphepo ya mu Juni ikangoyamba kuwomba, amayi ankasiya kuseka. Ankadziwa kuti mlongo wanga wamng'ono, kamnyamata, ali pafupi kugona.

Matenda ake ankabwera mwadzidzidzi. M'mawa akusewera ndi anzake, masana ali pamphasa akulira kuti miyendo ikuthyoka. Paliponse pamene wamugwira pankapweteka. Maso ake anali achikasu, mimba yotupa mbali ya kumanzere, thupi lochepa moti ali ndi zaka zisanu ndi zitatu alendo ankamuyesa wosayamba sukulu. Ali khanda, manja ndi mapazi zinkatupa ngati walumidwa ndi njuchi. Pakati pa ine ndi iye panabadwa ana awiri. Onse anatupa manja momwemo, ndipo onse anatisiya asanadziwe kulankhula bwino.

Atate anali mkamwini pamudzipo. Iwo ndi amayi anali pachisuweni, monga zinalili m'mabanja ambiri masiku amenewo, ndipo anthu ankati ukwati wotere ndiwo wolimba chifukwa ndeu zake zimathera m'nyumba. Mwini mbumba anali atsibweni, alongo awo a amayi. Anagwirapo ntchito ku Migodi, anabwerako ndi wailesi ndi mawu ambiri. Sanali munthu woipa. Mlongo wangayo ankamukonda kwambiri, ndipo mbuzi zawo zinathera kwa asing'anga chifukwa cha iye. Mphini zimene zinadzaza m'mawondo ndi m'zigongono za mwanayo, zambiri anamugwirira ndi iwowo, misozi ili m'maso. Koma akatopa ankatembenukira kwa atate.

"Kumtundu kwathu kulibe zotere. Izi zinabwera ndi inu, alamu."

Koma atate akanena kuti mwana apite kuchipatala, atsibweni omwewo ankati, "Ana awa ndi athu. Inu tikuuzani tikagwirizana." Ndinali wamng'ono, koma ndinkaona kuti atate awapatsa matenda okha, mwana awamana. Atate ankangobwerera pansi pa nkhokwe kukasema mipini ya makasu.

Chaka chimene ndinasiya sukulu, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 70, mlongo wanga anadwala mpaka milomo kuyera. Atate sanafunse munthu. Anamumangirira ndi chitenje panjinga n'kupita naye kuchipatala cha mishoni ku Katete, ine ndikutsatira pambuyo ndi mapoto ndi ufa. Anamuwonjezera magazi, ndipo ine ndinakhala womudikirira, kuphika kushedi pamodzi ndi amayi ena odikirira odwala.

Kumeneko n'kumene ndinawaona koyamba adokotala ena ake. Anali wamtali, wa magalasi, wochokera kumpoto kwa dziko lino, ndipo ankaphunzitsa udokotala ku Lusaka. Ankabwera nyengo yachisanu ndi ophunzira awo angapo, anyamata ndi atsikana ovala makhoti oyera aatali kuposa msinkhu wawo. Chinyanja chawo chinali cha m'tauni, chosakaniza ndi Chibemba. Magazi ankati mulopa, ndipo amayi a m'wodi ankabisa nkhope m'zitenje kuseka.

Anafika pabedi la mlongo wanga n'kuuza wophunzira wina kuti amuyeze pamimba. Mnyamatayo anangofikira kugwira, mwana n'kudzidzimuka.

"Manja ako ndi ozizira," anatero adokotala motsitsa mawu. "Afikise kaye. Ndiponso sunamupatse moni. Mimbayi ili ndi mwini wake."

Kenako anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi ine. Madokotala ena ankafunsa za mwana yekha, kuti watentha liti, wadya chiyani. Awa anafunsa za akufa. Ana awiri aja anamwalira ali ndi msinkhu wanji, anatupa pati, nanga abale a amayi, abale a atate, agogo. Ophunzira ankalemba. Nditanena kuti atate ndi amayi ndi pachisuweni, anayang'ana ophunzira aja n'kupitiriza kufunsa.

Madzulo a tsikulo anandiitanira kuchipinda chopimira magazi. Anandiuza kuti nditsinzine diso limodzi ndiyang'ane m'makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Poyamba ndinkangoona zikope zanga. Kenako ndinaona timizeremizere topindika ngati chikwakwa chomwetera udzu, tina titakolana.

"Awo ndi magazi a mlongo wako," anatero. "A munthu wina amakhala obulungira, amayenda bwino m'mitsempha. Awa kukazizira, kapena thupi likasowa madzi, kapena akadwala malungo, amapindika n'kutsekereza njira. Ndiye ululu uja. Matendawa timawatchula sikoselo. Palibe anamulodza."

Ananenanso kuti akufufuza m'midzi ya kuno kuti adziwe mmene matendawa afalira m'mabanja, komanso chimene chingathandize ana otere kukula ngakhale kumene kulibe chipatala chachikulu. Anapempha kuti abwere kwathu adzatenge magazi pang'ono kwa aliyense wofuna.

Anabweradi, masana ena, pa galimoto ya chipatala itadzaza fumbi. Anthu anali atamva kale, ndipo mbiri inali itakula. Ena ankati ndi aja opopa magazi n'kukagulitsa kunja. Amayi ena anathawira ndi ana kudimba. Atsibweni anawalandira bwino, anawapatsa mpando pansi pa mtengo wa mango, koma anawauza poyera kuti mbumba yawo sipereka magazi.

Adokotala sanatsutse. Anatulutsa kasingano, anadzibaya chala n'kudonthezera pa kagalasi. Kenako anabaya ophunzira awo mmodzimmodzi. Mtsikana wina anatsinzina n'kukuwa asanamubaye n'komwe, ana amene anabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kuseka.

"Ndi kadontho komweka," anatero. "Udzudzu umatenga kuposa apa, ndipo supempha."

Ndiye atate anadzuka pamene anakhala, kumapeto kwenikweni kwa bwalo, anapukuta dzanja pa kabudula n'kulipereka. Sanayang'ane kwa atsibweni. Amayi anatsatira, kenako ine. Atsibweni anakhala kanthawi akusisita chibwano, koma sakanalola kuti mkamwini awapose mtima anthu akuona. Anapereka chala, n'kuitananso ana awo onse.

Patapita milungu ingapo adokotala anabwerera ndi mayankho. Anapempha amayi nyemba zoyera ndi zofiira m'kambale. Anati munthu aliyense ali ndi nyemba ziwiri za magazi, imodzi anapatsidwa ndi bambo ake, ina ndi mayi ake. Yoyera ndi yabwinobwino, yofiira ndi ija yopinda magazi. Wokhala ndi yofiira imodzi sadwala, ndiponso ali mwana malungo samugwetsa msanga, n'chifukwa chake nyemba imeneyi ili ndi anthu ambiri kuno kwathu. Vuto limabwera zofiira ziwiri zikakumana mwa mwana mmodzi.

Anaika yoyera ndi yofiira m'manja mwa atate, imodzi dzanja lililonse, n'kuchita chimodzimodzi kwa amayi. Anawauza kuti afumbate. Ana ankabwera kudzasankha dzanja limodzi kwa atate ndi limodzi kwa amayi. Wina anatola zoyera ziwiri, wina yoyera ndi yofiira. Kamtsikana kena katatola zofiira ziwiri, amayi anayang'ana pansi.

"Umu ndi mmene zinachitikira," anatero adokotala. "Palibe anasankha. Yofiira ina inachokera kwa bambo, ina kwa mayi. Ikanakhala ya mbali imodzi, mwanayu sakanadwala."

Atate, amene pabwalo sankalankhula, anatsokomola.

"Adokotala, ndimve bwino. Mukuti theka la magazi a mwanayu ndi langa?"

"Theka lenileni."

"Osati matenda okha?"

"Zonse. Matenda, msinkhu, ngakhale makutu awowo."

Anthu anaseka, chifukwa makutu a mlongo wanga anali otambalala ngati a atate. Atate sanaseke. Anamuitana mwanayo n'kumukhazika pamiyendo pawo anthu onse akuona, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita.

"Nanga ine?" anafunsa atsibweni.

"Inunso muli nayo yofiira imodzi. Mwana wanu wamkuluyu alinso nayo. Chimodzimodzi mtsikanayu." Apa analoza ine.

Dzuwa litapendeka ndinawaona atsibweni akupita kunkhokwe kwathu ndi fodya wawo. Anakhala pambali pa atate, anatola mpini wina n'kuyamba kuupala. Sanapepese tsiku limenelo kapena lina lililonse, koma mawu aja akuti izi zinabwera ndi inu sindinawamvenso.

Mwana wamkulu wa atsibweni uja anali msuweni wanga, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti tidzakwatirana. Kuyambira tili ana ankanditchula mkazi wanga, ine n'kumamuthira madzi, monga amachitira asuweni. Koma titakula nthabwalayo inasanduka zoona. Ankakonza njinga ku Katete, pakhonde la sitolo ya Msilamu wina wochokera ku Malawi. Loweruka lililonse ankabwera kumudzi ndi kanthu m'thumba, mwina sopo, amene masiku amenewo ankasowa, mwina mabanzi atakulungidwa m'nyuzipepala. Ankandikweza pahandulo n'kutsetsereka nane kumtunda wa kudambo osagwira mabuleki, ine ndikumutukwana. Mpaka lero ndikamva fungo la girisi ndi labala wa chubu, ndimakumbuka malaya ake.

Adokotala atamva za ife, anatiitanira pambali, kuseri kwa galimoto.

"Sindinabwere kudzapasula maukwati," anatero. "Ndikungofuna kuti muchite mukudziwa."

Msuweni wanga anali wochenjera pa masamu. "Mwa njira zinayi, yoipa ndi imodzi yokha. Ndiye tikabereka anayi, atatu ali bwino."

"Ayi. Mimba iliyonse imasankha payokha. Mukhoza kubereka asanu onse abwino. Mukhozanso kuchita ngati mayi ake a mtsikanayu."

"Inu mukanatani?" ndinafunsa.

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Sindikudziwa, mwana wanga. Ine ndimadziwa magazi. Zinazo mukuzidziwa ndinu."

Chaka chonse sitinaikambenso nkhaniyo. Iye ankabwerabe Loweruka, ine ndinkakwerabe pahandulo. Ndinafunsa amayi tikupala chinangwa, ndikuyembekeza kuti andilamula chochita. Anangoti, "Ine ndikanadziwa kale, sindikudziwa kuti ndikanatani. Atate ako ndi munthu wabwino. Koma ndinaika ana awiri m'manda." Anapitiriza kupala.

Chisanu chotsatira mlongo wanga anagwanso. Ndinakhala naye masiku angapo ndikumuthowa ndi madzi ofunda, iye akuluma chitenje kuti asakuwe. Atachira ndinapita kudimba kumene msuweni wanga ankadula nzimbe za atsibweni, n'kumuuza kuti sindingathe.

"Ukuopa nyemba?" anatero.

"Ndikuopa kumva mwana wanga akulira choncho, ine ndikudziwa kuti ndinauzidwa."

Anasenda nzimbe mpaka kumapeto, anaidula pakati n'kundipatsa mbali ya kutsinde, yotsekemera. Tinadya limodzi. Mvula isanagwe anapita ku Migodi. Anakwatira kumeneko, ndipo pamaliro tikakumana amanditchulabe mkazi wanga, akazi ake ali pomwepo akuseka. Ine ndinalira miyezi yambiri, mobisa, kumtsinje.

Kwa mlongo wanga zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mphini zinatha. Adokotala anatiphunzitsa zinthu zooneka zazing'ono: azimwa madzi ambiri ngakhale alibe ludzu, asasambe kumtsinje m'mawa, azimwa kapiritsi kachikasu kowonjezera magazi ndi mankhwala oteteza malungo, thupi likangotentha tithamange naye osadikira mawa. Anaphunzitsa amayi kugwira kapamba pansi pa nthiti kuti adziwe ngati kakula mwadzidzidzi. Atate anagulitsa mtedza n'kumugulira juzi yaikulu yofika m'mawondo, imene anaivala zaka zambiri mpaka inamukwana. Kudwala sanasiye, koma kugonekedwa kunachepa.

Chaka ndi chaka adokotala ankabwera ndi ophunzira atsopano, ndipo sankalephera kumuitanitsa. Ankamuimika kutsogolo n'kunena kuti, "Lero mphunzitsi ndi uyu. Mufunseni." Mlongo wanga, amene kusukulu anzake ankamuseka chifukwa cha maso achikasu, ankakonda zimenezi kwabasi. Ankafotokoza mmene ululu umayambira, kumene umathamangira, ndi chimene chimaupeputsa. Pobwerera kumudzi ankatisimbira mmene wophunzira aliyense ankayendera, kutsanzira mpaka tonse kugwa ndi phwete.

Khasu silinali lake. Msilamu wa sitolo uja, amene anamudziwa kudzera mwa msuweni wanga, anamulola kukhala pakhonde kuphunzira utelala kwa mkulu wina wosoka pamenepo. Masana dzuwa linkafika pakhondepo, ndiye sankazizidwa. Mwini sitolo ankamuikira ketulo ya madzi pambali, ndipo akamuona watanganidwa ankamukumbutsa kuti, "Amwene, madzi." Atadziwa kusoka anawasokera adokotala malaya a safari. Anayeza ndi maso okha, manja a malayawo n'kufupika. Adokotala anawavala momwemo tsiku lonse m'wodi.

Ulendo umenewo unali womaliza. Zinthu zinali zitavuta m'dziko, mafuta a galimoto akusowa, mankhwala akusowa. Chisanu china sanabwere, chinanso sanabwere. Tinamva kuti akuphunzitsabe, ena ankati anapita kunja. Sitinatsanzikane nawo. Amayi anali atawasungira mtedza wa chalimbana m'thumba, unakhala mpaka tinaudya tokha. Mlongo wanga anakula, anakwatira, anabereka mwana wamkazi wopanda vuto. Anamwalira ali bambo wa pakhomo pake, osati kamwana kapamphasa monga tinkaopera.

Ine ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa pasukulu ya mpingo. Asanapite kwa atsibweni kukafunsira, ndinamuuza kuti tiyambe tapita kuchipatala akamupime. Anadabwa, koma anavomera. Munthu wamkulu, wophunzitsa sitandade seveni, ataona singano anatuluka thukuta mpaka namwino anamupatsa mpando. Anapezeka kuti alibe. Ana athu onse anakula bwino.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 80 anatitumiza kusukulu ina ku Vubwi. Nthawi imeneyo kumeneko kunalibe maofesi a boma, zonse tinkakatenga ku Chadiza, ndipo mvula ikagwa msewu unkatha. Anthu ambiri anali atawoloka kuchokera ku Mozambiki kuthawa nkhondo. Mmodzi wa iwo, mayi wachitsikana, anamanga kanyumba pafupi ndi nyumba za aphunzitsi ndipo ankandithandiza kupalira. Tsiku lina anabwera mwana akulira kumsana mosatonthozeka. Atamutsitsa ndinaona manja. Zala zinali zitatupa, zonyezimira, ndipo pamkono panali kale mphini ziwiri zatsopano.

Ndinasiya khasu pomwepo. Ndinamuuza kuti tipite kukiliniki, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu mumtima. Kilinikiyo inali ya zipinda ziwiri, yopanda makina alionse, ndipo woyang'anira anali kamnyamata kongomaliza kumene maphunziro. Ndinkaganiza kuti apereka mankhwala a malungo n'kutibweza, ndiye ndinakonzeka kukangana naye.

Anatipatsa moni, anafikisa manja ake, n'kugwira zala za mwanayo mofatsa. Anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, anagwira pansi pa nthiti. Kenako anatembenukira kwa mayi uja.

"Amayi, munatayapo mwana wina amene anatupa chonchi? Nanga inu ndi bambo a mwanayu, pali chibale?"

Mayiyo anati anataya mmodzi ali kwawo, ndipo mwamuna wake ndi msuweni wake. Mnyamatayo anafotokoza zonse, za magazi opindika, za madzi, za chisanu, za malungo, za kusatemanso mphini. Anapereka timapiritsi timene anali nato n'kulemba kalata yoti akapimitse magazi kuchipatala chachikulu galimoto ikapezeka. Ine mawu anga onse anathera m'kamwa.

Potuluka ndinamufunsa kumene anaziphunzira. Ndinawafotokoza adokotala aja, kutalika kwawo, magalasi, Chinyanja chawo. Anati sanawaonepo. Koma amene anamuphunzitsa iye anali wophunzira wawo, ndipo ankawatchula kawirikawiri. Anati zimene anapeza m'midzi ya ku Katete zinalembedwa, ndipo tsopano aliyense wophunzira ntchito ya m'makiliniki a kumudzi amauzidwa kuti mwana wotupa manja asamuone ngati wa malungo chabe, afunse za kubanja.

"Magazi anga ali momwemo," ndinatero. "Ndi a atate, ndi a amayi."

Anaseka mwaulemu, akuyesa ndikucheza. Panja panali mzere wautali, ndiye sindinamutayitse nthawi.

Galimoto inapezeka patapita nthawi, ya munthu wogula fodya. Mayi uja anapita, anabwerako atauzidwa kuti ndi matenda omwewo. Kuyambira pamenepo ankabwera kwathu kawirikawiri kudzafunsa. Ndinamusonyeza kuthowa ndi madzi ofunda, ndi pogwira kapamba. Mwamuna wake poyamba ankakana kuti kwawo kulibe zotere, mpaka mwamuna wanga anakhala naye pansi Lamlungu lina ataweruka kutchalitchi.

Tinakhala nawo mvula ziwiri, kenako anatisamutsira ku Sinda. Tsiku lonyamuka mayi uja anabwera ndi nkhuku yomanga miyendo n'kuiponya pamwamba pa katundu. Mwanayo anali atayamba kuyenda, mochedwa kuposa anzake, akugwira chitenje cha amake. Anatiperekeza mpaka pamsewu. Nkhondo itatha ndinamva kuti anthu ambiri anabwerera kwawo, ndipo iwonso ayenera kuti anapita nawo. Sindinamvenso za iwo.